Nkhata ya Che Choncho

Nkhani iyi anthu akamaimva amaseka, ndipo inenso ndimaseka nawo mpaka pakati. Kuchokera pamenepo amatsala akuseka okha. Inunso ngati ikuseketseni sekani ndithu, sindikwiya. Che Bakali akanakhalapo bwenzi akuseka kuposa nonsenu, mpaka kugwira m'nthiti.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Ku Mangochi ndinapita ndili Fomu 3, kukakhala ndi achemwali anga amene anakwatiwa ndi bambo wina wogwira ntchito mu ofesi pa boma. Pasukulu yatsopanoyo ndinasankha phunziro la Zipembedzo ndi Makhalidwe. Sikuti ndinkalikonda ayi, ndinkathawa Fizikisi (ine ndi masamu tinadana kalekale, ndipo mpaka lero palibe amene anayesapo kutiyanjanitsa). Maganizo anga anali akuti ndikangoloweza mayina a aneneri ndi malamulo khumi aja, basi ndakhoza.

Koma ndinapeza aphunzitsi ake ndi a Chisale, munthu amene anthu ankanena kuti anachoka ku seminale atangotsala pang'ono kudzozedwa. Bambo amenewa silabasi inkawachepera. Ankalowa m'kalasi, n'kutaya choko patebulo, n'kufunsa kuti, "Bodza lopulumutsa moyo wa munthu ndi tchimo?" Tikamakangana, iwo ali pawindo akungomwetulira. Tsiku lina ankatifunsa kuti ngati Mulungu ndi wabwino, ana amafa bwanji ndi malungo. Atsikana ena ankatuluka akulira, anyamata ena ankati a Chisale ndi a satana. Ine ndiye ndinagwa nazo m'chikondi zimenezi.

Chimene chinandipha kwenikweni ndi tsiku limene anatiphunzitsa kaganizidwe ka anthu a filosofi. Anati munthu woganiza bwino amaika mfundo yoyamba, kenaka yachiwiri, ndipo pomaliza amati "choncho". Analemba pabolodi kuti: nsomba zonse zimakhala m'madzi, chambo ndi nsomba, choncho chambo chimakhala m'madzi. Mnyamata amene ndinkakhala naye desiki imodzi, Yusufu, anakweza mkono.

"Sala, nanga chambo chili pa msika chija?"

Kalasi yonse inafa nako kuseka. A Chisale anati Yusufu wafunsa bwino, chifukwa mfundo yoyamba ikakhala yovunda, "choncho" wako amanunkha. Mbali imeneyi ine sindinaimvetsere. Ndinali nditatengeka kale ndi kukoma kwa liwu lija.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka mliri. Achemwali akandituma kukatunga madzi, ndinkati madzi amamwa ndi onse, ine ndine mmodzi mwa onse, choncho tikatunge tonse. Alamu anafika pomatuluka m'nyumba ndikangotsegula pakamwa. Munthu yekhayo amene sankatopa nane anali bambo ake a Yusufu, Che Bakali.

Che Bakali anali telala kwa Mponda. Makina awo ankakhala pakhonde la golosale ina, ndipo Loweruka lililonse ine ndi Yusufu tinkakakhala pabenchi pafupi nawo, akuti tikuwerenga. Anali munthu wamfupi, wamzuli woyera, tepi yoyezera ili m'khosi ngati anabadwa nayo. Ankandiputa dala. Ankafunsa kuti, "Iwe wa ku Ntcheu, nkhuku imene yafa yokha ndi imene yazingidwa, kusiyana kwake n'chiyani, poti zonse zafa?" Ine n'kuimirira, n'kuyamba kuyala mfundo. Ndikafika pa "choncho", iwo ankasiya kupalasa makina n'kuwomba m'manja. Ndi iwowo amene anandipatsa dzina loti Che Choncho, ndipo linafalikira mpaka kusukulu.

Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, moti nkhope yawo ndimaidziwira pa chithunzi. Sindinawauzepo Che Bakali kuti ndinkawatenga ngati bambo anga, koma ndikhulupirira kuti ankadziwa. Buluku langa la sukulu likang'ambika ankalisoka osafunsa kanthu, n'kundikalipira ngati mwana wawo kuti ndimakhala pansi ngati thumba la makala.

Titalowa Fomu 4 tinaphunzira za miyambo ya maliro m'zipembedzo zosiyanasiyana. Pamayeso a mutu umenewo, mbali ya Chisilamu ndinakhoza kuposa kalasi yonse. Ndinaposa ngakhale Yusufu, munthu woti anayamba madarasa asanadziwe kumanga zingwe za nsapato (ndinamukumbutsa zimenezi kwa sabata yathunthu, Mulungu andikhululukire). Loweruka lake ndinakadzitama kwa Che Bakali. Ndinawapeza atafooka, chifukwa matenda a shuga anali atayamba kuwavuta, koma anali pamakina pomwepo.

"Ndiye ukuti wadziwa za maliro athu?" anandifunsa, singano ili pakamwa. "Jeneza n'chiyani?"

"Ndi chonyamulira thupi popita kumanda. Thupi amalisambitsa, amalikulunga mu sanda, amaliswalira, ndipo salichedwetsa. Amuna amanyamula mosinthanasinthana."

"Eee, Che Choncho! Shehe weniweni!" Anachotsa singano ija pakamwa n'kundiyang'ana. "Tsono tamvera. Tsiku langa likadzafika, iwenso udzaikepo phewa lako. Ngakhale mapazi awiri okha."

"Koma ababa, ine ndine Mkhristu."

"Ndapempha phewa, sindinapemphe mpingo wako. Udzabwera?"

Ndinati ndidzabwera. Ndinawonjezanso kuti munthu wamakhalidwe amasunga lonjezo, ine ndine munthu wamakhalidwe, choncho asade nkhawa. Anaseka mpaka kutsokomola.

Tsikulo linafika m'nyengo yotentha, ija ya ku Mangochi yoti ngakhale abuluzi amabisala. Linali Loweruka m'mawa, ndikutsuka mano kuseri, pamene meseji ya Yusufu inalowa: "Ababa atisiya. Bwera lero." Ndinakhala pansi pa mwala wochapira, mswachi uli m'manja, n'kulira ngati kamwana. Zimenezi ndikuzinena kuti musaganize kuti zotsatirazi ndinazichita chifukwa chosasamala. Ndinkawakonda bambo aja, ndipo ndinkafuna kuwaperekeza mwaulemu woposa wa wina aliyense.

Nditapukuta misozi, mutu wanga uja unayamba ntchito yake. Yusufu anali ndi mkulu wake amene ankagwira ntchito ku Joni. Kwathu ku Ntcheu maliro a bambo saikidwa mwana wamkulu asanafike. Anthu amagona pasiwa, kwaya ikuimba, mpaka abale onse atasonkhana. Ndiye ndinayala: bambo saikidwa mwana woyamba palibe, mwana woyamba wa Che Bakali ali ku Joni, choncho maliro ndi a mkuja kapena kupitirira apo. "Bwera lero" ndiye kuti ndikagone nawo pasiwa. Ndinamuyankha Yusufu kuti alimbe mtima, ndifika chakumadzulo. Sanayankhe. (Ndinadzamva pambuyo pake kuti foni anaisiya pawindo, iye ali mkati ndi akuluakulu akusambitsa thupi la bambo ake.)

Achemwali atamva uthengawo anasiya kusesa.

"Nanga ukudikira chiyani? Thamanga! Anzathuwa sachedwa nawo maliro."

"Achemwali, zimenezo ine ndinalemba pamayeso ndipo ndinakhoza kuposa eni ake. Koma pali nkhani ya ku Joni."

Ndinawayalira mfundo zanga zija, chala chili m'mwamba. Anangonena kuti, "Kaya, ophunzira ndinu," n'kutola tsache lawo.

Ndinaona kuti munthu ngati Che Bakali, telala, sungapite pamaliro ake utavala zilizonse. Ndinabwereka suti yakuda ya alamu. Tsono alamu anga ndi chimunthu, pamene ine nthawi imeneyo ndinali ngati bango. Jekete linandifika m'mawondo, buluku linkakwana anthu awiri. Nditadziyang'ana pagalasi ndinaganiza kuti, aaa, palibe vuto, ndingopita nalo kwa Che Bakali akalibweze m'chiuno. Ndinafika mpaka pakhomo ndi ganizo limenelo ndisanakumbuke. Ndinabwerera kuchipinda n'kukaliranso kachiwiri, kenaka ndinamanga bulukulo ndi chingwe.

Kenaka ndinakumbuka nkhata. Kwathu munthu wolemekezeka sapita opanda nkhata yamaluwa, ndipo mwana wa womwalirayo amaitanidwa ndi dzina kuti akaike yake pamanda. Ine ndinkadziona ngati mwana wawo. Ndinapinda hang'ala ya waya, n'kupita kumpanda wa tchalitchi kukathyola maluwa ofiira aja aminga. Ndinaluka nkhatayo pakhonde, minga ikundibaya, magazi ali chuchuchu m'zala. Ndili pakati poluka ndinamva azana, kuitanira anthu kupemphero la masana, kuchokera kumzikiti wa pafupi ndi msika. Ndinangoti, ohoo, nthawi yapita ndithu, n'kupitiriza kumangirira kansalu kolembedwa kuti "Usani mumtendere ababa". Ndinakonzanso timawu toti ndikalankhule pamanda, tonena kuti imfa n'chiyani malinga ndi zipembedzo zitatu. Palibe amene anandipempha.

Dzuwa litayamba kupendeka ndinakwera kabaza wopita kwa Mponda: suti yakuda, taye, nsapato za alamu zothinitsa ndi mapepala kutsogolo, nkhata ili pamiyendo. Thukuta linkayenderera mpaka m'masokosi. Wakabazayo anali bambo wachikulire ndithu, wosalankhulalankhula, ndipo njira yonse ndinkamulangiza kuti apewe mabampu kuti maluwa angayoyoke.

Titapatuka pamsewu wa tala n'kulowa njira yamchenga, tinaona chikhamu cha amuna chikubwera kutsogolo kwathu. Mikanjo, mizuli, fumbi lili kobo. Ankayenda mwachangu, pafupifupi kuthamanga, akutchula dzina la Mulungu ndi mawu apansipansi. Pamwamba pa mapewa awo panali jeneza yokutidwa ndi nsalu yobiriwira, ikuyenda ngati ikuyandama, chifukwa munthu akanyamula pang'ono ankapatukira kumbali wina n'kulowapo.

Wakabaza uja anaima, n'kunena mawu aja a Chiarabu amene Asilamu amanena akakumana ndi imfa. Kenaka anati, "Achimwene, tagwirani njingayi."

"Mukupita kuti? Ine ndili pa ulendo wa pamaliro!"

Anathamanga n'kulowa m'khamu lija, ndipo ndinamuona akuika phewa lake pansi pa jeneza. Ine ndinatsala m'mbali mwa njira, dzanja limodzi lagwira njinga ya eni ake, lina lagwira nkhata. Khamulo litayandikira, fumbi linandikuta. Ndinaganiza za maluwa anga ndi suti ya alamu, ndiye ndinatembenuka n'kulozetsa msana kunjira, nkhata nditaibisa m'jekete. Ndinamva ngati wina waitana, koma m'phokoso limenelo sindinalabadire. Ndinaima choncho mpaka mapazi onse atadutsa.

Wakabazayo atabwerera akupuma mwawefuwefu, ndinamufunsa kuti wamwalirayo ndi ndani.

"Kaya. Sitifunsa. Ukakumana nayo umangoikapo phewa."

Ndipo ine, ine amene, ndinayamba kumuphunzitsa munthuyo za chipembedzo chake chomwe. Ndinamuuza kuti zimene wachitazo n'zogwirizana ndi zimene tinaphunzira, kuti Asilamu sachedwetsa maliro, kuti munthu akamwalira usiku kapena m'mawa amaikidwa ikangotha swala, pemphero lawo la masana. Ndinalankhula zonsezi ndi pakamwa pangapa, tikulowera kumene khamu lija linachokera, matayala athu akuponda m'mapazi awo. Mutu wanga wa filosofi uja sunagwirizanitse kanthu.

Pakhomo pa Che Bakali ndinapeza amayi okhaokha, atakhala pamikeka m'mithunzi, mitu itafundidwa. Panalibe mwamuna ngakhale mmodzi. Ndinaganiza kuti mwina apita kukadula mitengo yomangira chisakasa. Ndinalowa pabwalo ndi suti yanga ndi nkhata yanga, maso onse ali pa ine, mwana wina n'kuyamba kuseka mpaka amake anamutsina. Ndinagwada pakhomo la nyumba pamene panakhala mayi ake a Yusufu, Abiti Juma, maso atatupa.

"Pepani amayi. Ndabwera kudzagona nanu. Achimwene a ku Joni anyamuka liti?"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana nkhata ija, n'kundiyang'ananso.

"Mwanangu, sunakumane nawo panjira?"

"Ndani amayi?"

"Bambo ako. Angotuluka kumene."

Abale anga, sindidziwa kuti ndinaimirira bwanji. Ndimangokumbuka ndikuthamanga mumchenga, nsapato imodzi ya alamu itatsala pabwalo, chingwe cha buluku chitaduka, dzanja limodzi lagwira m'chiuno, lina lagwira nkhata (mpaka lero sindimvetsa chifukwa chake sindinaitaye). Anthu m'makhonde ankandilozerana. Ena ankaganiza kuti ndine wamisala, ndipo sindingawatsutse.

Ndinafika kumanda anthu akumwazikana. Dothi linali litaunjikidwa kale, lonyowa ndi madzi amene anathirapo, ndipo amuna ankagwirana chanza n'kumabwerera m'timagulu. Ndinapita molunjika pamtumbirapo ndi nkhata yanga. Shehe wina wachikulire anandigwira pamkono mofatsa n'kunena kuti, "Sikomo mwanangu, kuno sitiika maluwa." Sanandikalipire, ndipo mwina zikanakhala bwino akanandikalipira.

Yusufu anali ataima pansi pa mtengo, mkanjo wake uli dothi lokhalokha mpaka m'mawondo, chifukwa ndi iye amene anatsikira m'manda kukalandira bambo ake. Ndinayamba kufotokoza. Ndinatchula za ku Joni, za kwathu ku Ntcheu, za meseji. Ndinamva pakamwa panga pakutuluka "choncho" ndipo ndinadzida. Iye anangondisiya mpaka nditatha mawu.

"Ndinakuona," anatero. "Unaima ndi njinga. Ndinauza amalume kuti, uyo mnzanga uja, mpatseni malo kutsogolo, ababa anamupempha. Amalume anapatukadi. Ndinakuitana kawiri. Iwe unatembenuka."

"Fumbi, Yusufu. Ndimateteza maluwa."

"Eya. Ndinaona."

Tinabwerera limodzi kunyumba, ine ndikutsimphina ndi nsapato imodzi, mbuzi ina ikunditsatira n'kumabudula maluwa kumbuyo. Sindinaithamangitse n'komwe. Titafika, Abiti Juma anaona kuti ndikusowa poiika nkhata yotsalayo. Anandiitana n'kundilozera pakona ya pabalaza pamene anaika makina osokera aja atawachotsa kugolosale, atafundidwa chitenje.

"Ika apo. Akanaseka nayo bambo ako."

Ndinaikoleka pamakinapo, ndipo apo ndiye ndinalira kwenikweni, kulira kokuwa, mpaka amayi amene ndinabwera kudzawapepesa ndi amene anayamba kunditonthoza ine. Mkulu wake wa Yusufu anadzafika patapita masabata, nthawi ya sadaka. Nditamufunsa ngati sizinamupweteke kuti sanamudikire, anadabwa ndi funsolo. Anati iye mwini ndi amene anaimba foni m'mawa womwewo kuti asawasunge ababa padzuwa chifukwa cha iye.

Lolemba lotsatira maliro aja ndinawafotokozera a Chisale zonse, ndikuyembekeza kuti anena mawu anzeru ondipepuza. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali, kenaka anangoti, "Pepa." Aka kanali koyamba kuwaona bambo aja alibe funso.

Pamayeso a boma funso la maliro a Chisilamu linabweradi. Ndinalemba zonse: kusambitsa, sanda, swala, jeneza, kusinthana mapewa, kusachedwetsa. Pepala linanyowa pang'ono koma ndinakhoza bwino kwambiri, ndipo ndi phunziro lokhalo limene ndinapambana nalo moti n'kumadzitama. Satifiketiyo ili m'sutikesi, sindinaipachike pakhoma.

Yusufu pano ali ku Joni nayenso. Timaimbirana, amanditchulabe Che Choncho, ndipo anandituma kukamuimirira pa ukwati wa mlongo wake. Za tsiku lija sanazitchulenso ngakhale kamodzi. Anandikhululukira, ndikudziwa, koma pali kanthu kena kamene kanatsala panjira yamchenga paja ndipo tonse awiri timakalambalala.

Ine ndinakhazikika ku Mangochi konkuno, ndipo musaseke, ndimaphunzitsa phunziro lomwelo. Liwu lija sindinalisiye. Mkazi wanga amati ndimalitchula ngakhale kutulo. Chimene chinasintha n'chakuti ndikangoona jeneza panjira, kaya ndili pa kabaza, kaya ndanyamula mabuku a ana, kaya ndavala suti, ndimasiya zonse pansi n'kuthamangira. Sindifunsa kuti ndi ndani. Kwa Mponda anandizolowera, moti akandiona amangopatuka n'kunena kuti, "Apatseni malo aphunzitsi." Tsiku lina ndinapunthwa n'kutsala pang'ono kugwetsa gogo wa eni ake, koma sanandiletse.

Ndanyamula anthu ambiri amene sindinawadziwe ngakhale dzina. Nthawi iliyonse mtengo wa jeneza ukandikhudza paphewa ndimayenda mapazi awiri aja amene ndinapemphedwa, kenaka ndimawonjezera ena, mpaka wina atandigwira pamsana kuti ndipatuke. Ndikapatuka ndimaima m'mbali mwa njira, fumbi likundithira kumaso, ndipo sinditembenuka.